Ulemu kwa Agogo Dell, Mfumu ya Magemu

Anthu amatamanda iPhone ndi malaputopu opyapyala, koma palibe amene waimirirapo kulemekeza agogo athu, kompyuta yakale ya padesiki imene yasunga magemu ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. Vulani zipewa, lero ndi tsiku lawo.

Agogowa, kaya dzina lawo ndi Dell OptiPlex kaya HP, ndi munthu woyenda. Anatha zaka m'maofesi a kunja akuwerengera anthu malipiro. Atapuma pantchito sanapite kumudzi kukalima. Anawoloka nyanja n'kudzafikira m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre. Kumeneko mnyamata wolota GTA V amawaona, n'kunena kuti, "Agogo, tiyeni kwathu, ndikakugulirani graphics card."

Apa m'pamene nzeru zawo zimaonekera. Mnyamata amafuna khadi ya RTX ya mafani atatu. Agogo amakana mwaulemu: thupi lawo ndi laling'ono, khadiyo ikalowa chivundikiro sichitsekeka. Power supply yawo siifika n'komwe ma watt 300, ndipo ilibe chingwe cha mapini 6 chimene makhadi amphamvu amafuna. Lamulo la pakhomo pawo n'lakuti mlendo adye zimene zilipo, ma watt 75 otuluka pa PCIe, basi. Mnyamata amatsitsa mapewa n'kukasaka GTX 750 Ti ya 2014 kapena GTX 1050 Ti ya 2016, nayonso ya kaunjika, yaifupi msinkhu. Ndi kholo liti limene limaphunzitsa mwana kukhutira ndi zochepa mwaluso chonchi? Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ofuna makompyuta atsopano analira. Ife adzukulu a agogo tinali titamaliza kale maphunziro a umphawi.

Agogo amadananso ndi tsankho. Ukangoika khadi, purosesa ya Core i5 imayamba wefuwefu. RAM ya 4GB imati nanenso ndiwonjezereni. Hard disk imati ndakalamba, itanani SSD. Akatswiri a pa msika amati vutoli ndi bottleneck, koma kunena zoona ndi chilungamo: m'banja mwa agogo palibe kuvala wekha. Zili ngati kuika injini yatsopano mu minibasi ya Limbe–Blantyre, pomwepo mabuleki, matayala ndi chitseko zimakweza dzanja.

Nanga kudekha? Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wadikira EA Sports FC kuti itseguke pa agogo sangadandaule pamzere wa kubanki. Gemu ikayamba, osewera amathamanga modukizadukiza, kuti muone bwino phazi lililonse la Mbappé.

Chifundo chawo sitinena. Mphemvu zosowa pokhala amazisunga m'mimba mwawo, fumbi la Okutobala amalilandira osadandaula. Chiperoni chikagwa mu Julayi amatenthetsa chipinda chonse, ndipo fani yawo imalira usiku wonse kuti akuba adziwe kuti eni nyumba ali maso. Mayunitsi a magetsi amadya, inde, koma ndi mfumu iti imagwira ntchito ndi njala?

Pa mwambo ndiye palibe owaposa. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima kawirikawiri. Laputopu yamwano inkapitiriza ndi batire, koma agogo ankagona nthawi yomweyo, chigoli chili pafupi, kuti ana akawerenge. Windows 11 itabwera n'kufunsa TPM 2.0, anaiuza kuti ibwerere kwawo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, agogo ali phee, osatekeseka.

N'chifukwa chake ndikupempha akuluakulu a mzinda kuti agogo aimikiridwe chipilala pa Clock Tower. Simenti isawavutitse: angotenga agogo amodzi n'kuwakhazika pamenepo, kulemera ali nako, ndipo kuima malo amodzi osasuntha anazolowera kale.