Mfunda wa nkhono

Yamikani wabwera kwa Dzoole patchuthi. Agogo ake aNaphiri ali pakhonde, akutongola chimanga.

AGOGO: Amuna anga, m'chikwamamo mukulira mabotolo. Mwanditengera chiyani ku Lilongwe?

YAMIKANI: Si zakumwa izi, agogo. Ndi nkhono. Ndatola m'mawa uno kudambo kuja mumatunga madzi othirira dimba.

AGOGO: Nkhono! Iwe, mbuzi zanga zinathera pamsika wa Mponela kuti fizi ipezeke, ndiye digiri yake ndi yotola nkhono? Ntchito imeneyo abakha amagwira ulere.

YAMIKANI: Abakha amangomeza osafunsa. Ine ndikufuna kudziwa mtundu wake. Mwa nkhono za m'madzi, zina zimasunga tizilombo ta likodzo, zina ayi. Zotchedwa Bulinus zimasunga likodzo lokodzetsa magazi lija. Biomphalaria, za chigoba chophwatalala, zimasunga la m'matumbo.

AGOGO: Lokodzetsa magazi? Kale mnyamata akatero tinkati wakula.

YAMIKANI: Ankadwala, agogo. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira a likodzo a mu mkodzowo amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono. Tikachulukana mmenemo timatuluka n'kuboola khungu la wosamba kapena wochapa. Tikasowa nkhono yoyenera, timafera pomwepo. Povuta ndi apa: Bulinus ili ndi mitundu yoposa 30, ina yofanana zigoba kwambiri, koma si yonse imafalitsa likodzo la anthu.

AGOGO: Ndiye umaigogoda pachigoba n'kuifunsa mfunda? "Pepani, ndinu aPhiri kapena aBanda?"

YAMIKANI: Simunaphonye kwenikweni. Timaziika mu spiriti kuti zisaole. Ku labu timadula kanyama pang'ono kuphazi...

AGOGO: Phazi? Imavala nsapato saizi yanji?

YAMIKANI: Mnofu umene imakwawira uja, agogo. Mmenemo timachotsamo DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'thupi la chamoyo chilichonse. Amalembedwa ndi zilembo zinayi: A, C, G ndi T. Timawerenga kachigawo kamodzi kotchedwa COI, ka zilembo pafupifupi 650, n'kufanizira pa kompyuta ndi za nkhono zodziwika kale. Njirayi anaitchukitsa ndi Paul Hebert wa ku yunivesite ya Guelph ku Canada mu 2003. Anaitcha barcode, potengera timizere ta pa katundu wa m'shopu timene makina amawerenga.

AGOGO: Zilembo zinayi zokha? Ku sukulu ya kwacha tinkaposa pamenepo.

YAMIKANI: Koma mverani izi. Kachigawo kameneka mwana amatengera kwa mayi yekha, kudzera m'dzira.

AGOGO: Eyaa! Mpaka ku Canada avomera kuti mwana ndi wa kuchikazi. Nkhono ndi Achewa enieni. Ndiye bambo wake amakhala pachikamwini?

YAMIKANI: Palibe mkamwini. Nkhono iliyonse ya mitundu iwiriyi ndi yaikazi ndi yaimuna pomwepo. Ikasowa inzake, ikhoza kubereka yokha.

AGOGO: Yopanda apongozi, yopanda ankhoswe, nyumba ili kumsana. Chauta anaikondera imeneyi. Agogo ako aamuna ndinapirira nawo chifukwa chosowa nzeru yomweyo.

YAMIKANI: Musaisirire, ndi yoopsa. Mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anapeza Biomphalaria m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, kumene sinkayembekezeka. DNA inatsimikiza kuti ndi mtundu wa pfeifferi, wofalitsa likodzo la m'matumbo. Mu 2018 atayeza ana a sukulu, analipezadi, pamene anthu anazolowera kuyang'ana mkodzo wokha.

AGOGO: Ndiye inaulula ndi nkhono, ana ali chete.

YAMIKANI: Ndithu. Ukadziwa nkhono imene ili pa dooko, umadziwa matenda oyenera kuyeza ndi kofunika kupititsa praziquantel.

AGOGO: Mapiritsi akuluakulu aja amamwetsa kusukulu, oyamba aimika mwana pa ndodo kuyeza msinkhu? Mlongo wako anamwa asanadye phala, anabwera akuzandima ngati wachokera ku mowa wa masese.

YAMIKANI: Omwewo. Amafuna m'mimba muli kanthu.

AGOGO: Chabwino, ndavomera kuti mbuzi zanga sizinapite pachabe. Tsopano tamvera, yandikira. Thadzi langa lamawangamawanga lija likugona m'khola la aNabanda, ndipo akuti ndi lawo. Ukazule nthenga imodzi usiku, upite nayo ku makina akowo.

YAMIKANI: Agogo, barcode imauza mtundu wa chamoyo basi. Makinawo adzati ndi nkhuku.

AGOGO: Adzati chiyani?

YAMIKANI: Adzati ndi nkhuku.

AGOGO: Zilembo 650 zonsezo, kompyuta, magetsi, mzungu wa ku Canada, kuti mundiuze kuti nkhuku ndi nkhuku? Tandipatsa mpango wangawo. Ndikukasuma kwa anyakwawa, iwo amangomuyang'ana munthu m'maso.