Ulemu kwa Wofuna Kuti Vitz Izikoka ndi Mawilo Onse

Pali anthu amene galimoto ikatitimira m'matope amatsika, kupinda buluku, kuitana anyamata a pamsika kuti akankhe, n'kuwapatsa ya sopo. Amenewo ndi anthu wamba, ndipo sitiwalemba m'magazini. Chipewa changa ndikuvulira munthu wamtima wina, uja amene Vitz yake ikatitimira kamodzi panjira ya kumudzi m'dzinja, amafika pakhomo n'kukana nsima, kenako n'kulengeza kuti galimotoyi aisintha kuti izikoka ndi mawilo onse anayi.

Taonani kukula kwa anthu amene akulimbana nawo. Mu 1959 Alec Issigonis anatulutsa Mini ku Britain, anthu akumeneko atangolawa kusowa kwa mafuta kumene kunadza ndi mkangano wa Suez mu 1956. Nzeru yake inali ya munthu woumira. Injini anaigoneka chopingasa, giyabokosi n'kuiika pansi pake, mphamvu yonse n'kuipereka kumawilo akutsogolo, kuti kwinako kutsale malo a anthu ndi katundu. Makampani ambiri anatengera zomwezo poona kuti galimoto yotere imapepuka, imatchipa kupanga, ndiponso siimwa mafuta ambiri. Vitz, Fit, March, Demio, Sienta, zonse zadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyrezi, ndi zidzukulu za nzeru imeneyo. Mawilo akumbuyo pa zambiri mwa izo amangotsatira osakhetsa thukuta. Ngwazi yathu yokha ndiyo yaona kukondera kumeneku, ndipo yakana kukhala chete.

Ntchito imayamba mwaulemu ndithu. A makaniko amagwada, kusuzumira kunsi, kudzuka akupukuta manja, n'kunena mawu okoma aja: "Bwana, zitheka." Ndipo sananame. Choyamba giyabokosi ichoke, chifukwa ilibe potulutsira mphamvu yopita kumbuyo. Pafunika ina yokhala ndi transfer, chogawira mphamvuyo kumbuyo. Kenako pafunika propshaft, chitsulo chachitali chodutsa kunsi kwa galimoto mpaka kumbuyo. Tsoka ilo, njira imene chitsulochi chiyenera kudutsa ili ndi eni ake kale. Ekizozi yagona momwemo, tanki ya mafuta nayo yakhala phee pakati penipeni. Ekizozi ipindidwe. Tanki ichoke, pabwere ina yokhala ndi mpata kunsi. Kumbuyo kufunika difu, difuyo ifuna pomangirira, pamene chitsulo chogwira mawilo akumbuyo sichinapangidwe kuti chilandire mlendo wotere. Chichoke nachonso. Mahabu akumbuyo alibe polowera shafiti, achoke. Pansi pa buti, pogona tayala la sipeya paja, mwina napo padulidwe n'kuwotcherera mwatsopano.

Pofika apa, zotsala za galimoto yoyamba ija ndi zitseko, mipando ndi nambala. Kodi pali chikondi choposa ichi, kukonda galimoto mpaka kuichotsa chilichonse chimene chinkaiyendetsa?

Ndiye pali timasamu tating'ono timene timasonyeza kuti ntchitoyi si ya ana. Magiya akumbuyo ayenera kuzungulitsa mawilo pa liwiro lofanana ndendende ndi akutsogolo. Mukaphonya pamenepa, mwamanga pagoli limodzi ng'ombe yothamanga ndi yaulesi, ndipo chothyoka ndi goli. Matayala onse anayi akhale a msinkhu umodzi, kutha kwakenso kofanana, kotero chizolowezi chathu chija chogula tayala limodzi la kaunjika malipiro akatuluka chathera pomwepa. Kompyuta ya galimoto nayo ili ndi maganizo ake. Inabadwa ikudziwa mawilo awiri okoka, ndipo ikamva zachilendo kumbuyoko imayatsa tinyali pa dashibodi, ta ABS ndi tinzake, mpaka usiku mutha kuwerenga nyuzipepala osayatsa getsi lam'kati.

Anthu opanda masomphenya, makamaka alamu, amakonda kufunsa kuti bwanji osangoigulitsa n'kuitanitsa ina. Amati ku Japan komweko anapanga Vitz, Fit, Sienta ngakhale Probox za 4WD chifukwa cha chipale chofewa cha kumadera ngati Hokkaido, ndipo imodzi itha kutsika padoko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe ikuyenda yokha. N'zoona zimenezo, koma alamu sadziwa kuti ngwazi yathu inawaposa kale. Zitsulo zonse tatchulazi sizipezeka pashelefu imodzi. Njira yodalirika n'kugula galimoto ya mtundu womwewo ya 4WD n'kuiphwasula. Choncho munthuyu amakhaladi ndi galimoto yokoka ndi mawilo anayi, n'kuipha, kuti ziwalo zake zikapatse moyo inzake imene inali bwinobwino. Anali ndi galimoto imodzi yoyenda, tsopano ali ndi ziwiri zokhala pamiyala. Chuma chikamachuluka chimaoneka chonchi.

Ngakhale eni mafakitale ntchitoyi anaizungulira patali. A Citroën atafuna kuti kagalimoto kawo ka 2CV kaziyenda mumchenga, anangoika injini yachiwiri kumbuyo n'kukatcha Sahara. A Toyota, potulutsa GR Yaris mu 2020, anatenga kutsogolo kwa Yaris, yomwe ndi Vitz yomweyi m'dzina lake lina, n'kulumikiza ndi kumbuyo kochokera ku chimango cha galimoto zokulirapo za gulu la Corolla. Iwo anali ndi mainjiniya, maloboti ndi ndalama zosawerengeka. Wathuyu ali ndi jeke imodzi, makina owotcherera odikira magetsi, ndi mthunzi wa mango.

Phindu lake kumtundu ndiye musanene. Wowotcherera wadya. Wogulitsa masipeya ku Biwi wadya, mnzake wa ku Ndirande wadyanso chifukwa chitsulo choyamba chija sichinalowe. Wa kabaza wapeza kasitomala wokhazikika, wa taye ndi jekete, womunyamula m'mawa ndi madzulo kwa miyezi. Mwini galimoto nayenso sanatsale. Nthawi yonseyi sanachite ngozi, sanaimitsidwe ndi a tirafiki, sanagone pamzere wa mafuta ngakhale usiku umodzi. Waphunziranso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti Lachisanu limene a makaniko amalonjeza silili pakalendala imene ife tonse timagwiritsa ntchito. Mayi a kunyumba okha ndiwo sayamika, akuti ndalamazo zikanafolera nyumba. Koma nyumba ikoka ndi mawilo angati?

Tsiku limafika, galimoto n'kutsika pamiyala. Yalemera, yayamba kumwa mafuta kuposa kale, kunsi kukumveka kaphokoso kamene a makaniko akuti katha kokha. Kwatsala kufotokozera a inshulansi ndi oyeza galimoto kuti chinthuchi n'chiyani kwenikweni. Mabuleki ndi omwe aja, chifukwa kukoka ndi mawilo anayi kumathandiza kunyamuka, osati kuima.

Mvula ikagwa, ulendo wa kumudzi uja wabwera. Pamene kale ankaona matope n'kubwerera, tsopano akulowa molimba mtima, ndipo akupitadi patali kuposa kale lonse, mpaka pakati penipeni pa dambo, pamene malole a feteleza anakumba mikwasa iwiri yakuya n'kusiya chitunda pakati. Apa m'pamene pamaoneka chinthu chimodzi chimene ntchito yonse ija sinakhudze. Vitz ndi yaifupi, mimba yake ili pafupi ndi nthaka monga inabadwira. Imakwera pachitundapo n'kukhala, mawilo onse anayi akuzungulira mogwirizana bwino, mopanda tsankho, osagwira kanthu.

Foni ikalira kugalaja, a makaniko samadabwa. "Bwana, imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Tingoikweza pang'ono, tiike masipuling'i aatali ndi matayala akuluakulu." Za ma CV, mfundo za mashafiti a mawilo, amene adzayambe kulira chifukwa chopendekeka sazitchula, ndipo ngwazi yathu, matope ali m'maondo, ikufunsa kale kuti zonse pamodzi zikwana zingati.