Buku la bambo mfumu kunsi kwa matiresi

Mpaka chaka chino, dziko la Ireland ndinkalidziwira m'mimba. Mbatata ya kachewere ija timagula pa Lizulu kapena pa Tsangano, imene anyamata a chipisi amaitcha ayirishi, ndiyo inali kazembe yekhayo wa dzikolo kunyumba kwanga. Kupatula apo ndinkakumbukira wansembe wina wachizungu wa kuparishi komwe ndinakulira, amene ankalankhula Chichewa chozama kuposa cha amalume anga koma dzuwa likamuomba ankafiira ngati phwetekere wa ku Ntcheu.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku lina madzulo ndikusamba m'manja, mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Bambo, kodi chikondi chanu chinathera kuguwa? Masiku ano mukalowa m'nyumba muno funso lanu ndi limodzi: ndiwo n'chiyani lero." Ndinafuna kuyankha kuti funso limenelo n'lachikondi ndithu, popeza munthu safunsa ndiwo kwa mkazi wa mwini, koma nkhope yawo inaonetsa kuti mlandu wagamulidwa kale.

Kutacha ndinapita kwa mnyamata uja amayala mabuku akale pakhonde la sitolo m'tauni, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa zikwama za foni. Ndinanong'ona ngati wofuna mankhwala a matenda ochititsa manyazi. "Achimwene, buku lachikondi lilipo?" Iye anaitana mnzake wa tsidya lina la msewu mokuwa, "Madala akufuna lachikondi!" Anthu onse a pasiteji ya minibasi anatembenuka. Ndinalipira osanenerera, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire, n'kulowetsa bukulo m'kati mwa malaya.

Dzina lake linali Irish Gold, la mu 1994, lolembedwa ndi Andrew Greeley. Nditayang'ana kuchikuto chakumbuyo mtima unagunda. Wolembayo anali wansembe wa Katolika wa ku Chicago, amene anadzozedwa mu 1954 ndipo anamwalira mu 2013 atalemba mulu wa mabuku otere. Ine ndine mlembi wa mphakati wathu, ndipo inali nyengo ya Lenti. M'bukumo muli masamba ena oti usanawerenge umayamba wasuzumira kukhomo. Ndinadzifunsa kuti munthu wolumbira kusakwatira zonsezi anazidziwira kuti, pamene ine wa zaka 19 m'banja ndimangodziwa kufunsa ndiwo. Kenako ndinakumbukira kabokosi kolapira kaja. Loweruka lililonse timafola pamzere kukawapatsa manotsi ife tomwe, kwaulere.

Mabukuwo ankagulidwa kwambiri moti mu 1986 bamboyu anafuna kupereka madola miliyoni imodzi kuti athandize sukulu za dayosizi yake, koma akuluakulu a mpingo anakana ndalamazo. Ine chiyambire kuponya makwacha anga okwinyika m'mbale ya chopereka, palibe amene anandibwezera.

Nkhani yake ndi ya mnyamata wa ku Chicago, Dermot, amene wapita ku Dublin n'kukumana ndi mtsikana wochokera kumadzulo kwa dzikolo, Nuala. Mtsikanayo akumumasulira zimene agogo aakazi a Dermot analemba m'chinenero chawo cha makolo. Ndinakonzeka kuphunzira mawu okoma. Koma awiriwa akangoyandikirana, milomo ili pafupi kukumana, wolemba amawasiya pomwepo n'kundikokera ku 1922 kukafufuza amene anapha Michael Collins. Ine ndinagula chikondi, akundigulitsa maliro.

Collins ameneyu anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Britain, kenako anasaina nawo pangano mu December 1921. Anzake ena anati wawagulitsa, ndipo abale anayamba kuwomberana okhaokha. Pa 22 August 1922 anamubisalira panjira ku County Cork, kwawo kwenikweni, n'kumupha ali ndi zaka 31. Anasiya chitomero, mtsikana wotchedwa Kitty Kiernan. Pamenepo ndinavula magalasi kupukuta, ati fumbi.

Ndinakadandaula kwa mnzanga amene timasewera naye bawo, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma pantchito. Anaseka mpaka nkhomo kumwazika. Anati mabuku onena za anthu a ku Ireland ngotero: pabedi pamagona anayi, mwamuna, mkazi, wansembe ndi Mngelezi. Anandiuza za buku lina, The Thorn Birds la mu 1977, lolembedwa ndi Colleen McCullough wa ku Australia, momwe wansembe wobadwira ku Ireland amakonda mtsikana wotchedwa Meggie kwa moyo wake wonse uku akukwera maudindo mpaka ukadinala. Famu ya nkhosa ya m'bukumo dzina lake ndi Drogheda, dzina la tauni ya ku Ireland kumene asilikali a Oliver Cromwell anapha anthu ambiri mu 1649. Ngakhale nkhosa za ku Australia sizinathawe mbiriyi.

Kenako anafika pa mbatata, ndipo apa kuseka kunatha. Kuyambira 1845 matenda anagwira kachewere m'minda, chakudya chimene amphawi a kumeneko ankadalira monga ife timadalira chimanga. Pofika cha m'ma 1852 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atafa, enanso oposa miliyoni atakwera zombo kuthawira kunja, ambiri ku America. Nthawi yonseyo tirigu ndi ng'ombe zinkatulukabe m'dzikomo kupita ku Britain. Ndinakumbukira agogo anga, amene pofotokoza za njala ya 1949 ankatsitsa mawu ngati njalayo ili panja kumvetsera. N'chifukwa chake anthu ngati Dermot, obadwira ku Chicago, amabwerera kukafunafuna manda a makolo n'kupeza akazi panjira. Ndipo mbatatayo, anawonjezera mnzangayo, kwawo si ku Ireland n'komwe, inachokera kumapiri a ku South America. Tsiku limenelo chipisi ndinadya mwaulemu, osapempha banyira.

Ndinaganiza zoyesa zimene ndaphunzira. Choyamba, m'mabukuwa okondana amayenda pamvula. Mvula itayamba ndinati, "Mayi, tiyeni tikawongole miyendo." Anandipatsa ndowa kuti ndikatchere madzi padenga. Chachiwiri, pamafunika zolemba za agogo zokhala ndi chinsinsi. Ndinatsegula sutikesi imene agogo anasiya ndipo ndinapezamo malisiti a msonkho, korona woduka ndi kapepala kosonyeza kuti anamwalira ali ndi ngongole ya mbuzi.

Ndinatsala ndi mbiri yakale. Ndinati ndidzawafotokozera mayi za chitomero cha Collins usiku magetsi atazima, mawu anga akunjenjemera pang'ono. Poopa kuiwala ndinalemba pakapepala: Nuala, Kitty, Meggie, 31, 1922. Kapepalako ndinakasiya m'thumba la buluku, ndipo Lachisanu ndi tsiku lochapa.

Pobwera kuntchito ndinapeza mayi atakhala pampando wanga, kapepala kali patebulo atakapsinja ndi mpeni wa tomato.

"Bambo, khalani pansi. Nuala ndiye ndani?"

"Ndi wa m'buku, mayi."

"Nanga Meggie? Ndi uja woyimba soprano kukwaya?"

"Ayi, ameneyo ndi wa bambo mfumu."

Mayi anachita chizindikiro cha mtanda. "Tsono Kitty ndiye wa zaka 31? Ndipo 1922 ndi ndalama zimene munamugulira mayunitsi?"

"Mayi, Kitty anamwalira mu 1945."

"Ndiye mpaka lero mukumusungabe m'thumba?"

Pofuna kuzimitsa moto ndinathira parafini. Ndinawauza kuti ku Ireland malamulo a dziko a mu 1937 analetseratu kuthetsa ukwati, ndipo zinasintha pokhapokha anthu atavota mu 1995, nako kupambana kwake kwa mwayi. Mayi anati kuno si ku Ireland, ndiponso ndikumbukire kuti malo amene tinamangapo nyumbayi ndi a kwawo, choncho wonyamula sutikesi akudziwika.

Loweruka m'mawa ankhoswe anafika. Ndinatulutsa bukulo kunsi kwa matiresi ngati umboni. Amalume a mayi, amene Chingelezi chawo chinathera Sitandade 5, analitsegula pakati, mwatsoka n'kugwera patsamba limene ndinapinda kona. Anawerenga ndi chala kwa mphindi khumi osakweza mutu, ndipo potsiriza anapempha madzi akumwa. Chigamulo chinali chakuti ndigule chitenje chatsopano, nkhuku ya ankhoswe, komanso ndikalape tsiku lomwelo.

Madzulo ndinagwada m'kabokosi. "Bambo, ndawerenga buku losayenera m'nyengo ya Lenti."

"Walemba ndani, mwana wanga?"

"Wansembe mnzanu, bambo. Wa ku Chicago."

Kuseri kwa kansalu kunakhala chete kwa kanthawi. Kenako anandipatsa Tikuoneni Maria atatu, n'kundiuza kuti bukulo ndikalisiye kuofesi ya parishi kuti alione ngati lilidi loopsa. Ndinali nditatsala ndi masamba 40 okha kuti ndidziwe amene anapha Collins.

Papita miyezi iwiri tsopano. Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi ndimawapatsa moni bambo mfumu ndi manja awiri n'kufunsa monong'ona ngati amaliza. Amangondisisita paphewa n'kunena kuti akulifufuzabe. Sabata yatha ndinaliona bukulo m'chikwama cha amayi apampando a bungwe la amayi, ndipo dzulo mayi a kunyumba, akupakula nsima osandiyang'ana, anandifunsa ngati Dermot uja ali ndi mchimwene wake.