Ulemerero wa Kamutu ka Muvi pa Mzere Wokhota

Pa zizindikiro zonse zimene akatswiri a masamu ndi a sayansi amaika m'zithunzi za m'mabuku awo, palibe choyenera kuombedwa m'manja kuposa kamutu ka muvi kokhala kumapeto kwa mzere wokhota, pakuti ngakhale kutalika kwake nthawi zambiri sikupitirira mamilimita 2, kamatha kugoneka pulofesa wamkulu pampando mpaka tambala kulira.

Ufumu wake umaonekera bwino mu TikZ, pulogalamu imene Till Tantau wa ku Germany analemba kuti ogwiritsa ntchito TeX, pulogalamu ina yolembera mabuku pa kompyuta, azijambula zithunzi polemba malamulo m'malo mokoka mizere ndi dzanja. Mizere yokhota ya m'menemo ndi ya mtundu wa Bézier, dzina lochokera kwa Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya Renault amene ankaigwiritsa ntchito pokonza maonekedwe a galimoto m'zaka za m'ma 1960, ndipo uliwonse umatsogoleredwa ndi madontho anayi, awiri a kumapeto ndi awiri ena amene amaukoka ali patali. Mzere wotere ndi wofatsa, umapita kulikonse kumene wakokeredwa. Kamutu ka muvi ndiye ayi. Iko ndi kowongoka mwachibadwa, kotero kuti mzere umafupikitsidwa pofuna kukapatsa malo, monga mmene anthu amasendera pamkeka mfumu ikafika, ndipo kakakhazikika kamaloza pambali pang'ono pa chimene kanatumidwa kuloza, zimene anthu osazindikira amati ndi vuto pomwe kwenikweni ndi kudzisungira ulemu.

Kuuma khosi kumeneku kunabala zipatso zambiri. M'chaka cha 2013 TikZ 3.0 inabwera ndi arrows.meta, nkhokwe ya malamulo imene imalola wolemba kusankha mitu monga Stealth ndi Latex, n'kuikira uliwonse kutalika ndi kutambalala kwake, komanso nkhokwe ina yotchedwa bending, m'mene lamulo la flex limapotolozako kamutuko pomwe la bend limakapinda kenikeni kuti katsate mzere. Buku la malangizo a pulogalamuyi lili ndi masamba opitirira 1,000, ndipo kanthu kochepa chonchi kanapatsidwamo mutu wakewake.

Koma luso lake lenileni limatuluka pamene wolemba afuna kukaika pakati pa mzere, pogwiritsa ntchito decorations.markings. Nkhokwe imeneyi ikauzidwa kuti 0.5 imayeza theka la kutalika kwa mzere, pamene mawu olembedwa pa mzere womwewo ndi lamulo la pos=0.5 amatsata nthawi ya kayendedwe ka mzerewo, osati kutalika kwake, motero pa mzere wokhota mopendekera muvi ndi mawu ake zimakhala motalikirana, chilichonse chili ndi umboni wa masamu wakuti pakati ndi pamene chakhalapo.

Ndipo poti TeX, imene Donald Knuth anatulutsa mu 1978, siivomera muyeso wofika mapointi 16,384, omwe ndi pafupifupi mamita 5.8, kuwerengera kwa pa kona yothina kwambiri nthawi zina kumadumpha malire amenewa, chithunzi chonse n'kuima, kompyuta n'kulengeza kuti “Dimension too large”. Apo wolemba, amene amangofuna kamuvi kochepa ngati njere ya mpunga wa kilombero, amauzidwa kuti wapempha chinthu chachikulu kwambiri, ndipo amasuntha dontho limodzi pang'ono n'kuyambanso.