Kali kokha n'kabwana

Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambi umenewu tinauyamwira kubere, ndipo kwathu kwa Nsabwe, kuseri kwa minda ya tiyi ukamalowera ku Thekerani, ndinali ndisanamvepo munthu akuutsutsa. Wautsutsa ndi mwana wa mlongo wanga, amene amaperekera zakudya pa loji ina ya anthu a ndalama zawo. Anabwera kumudzi mwezi wathawu kudzakhuza maliro, ndipo usiku tikuotha moto panja anati: "Amalume, kuntchito kwathu mlendo amalipira ndalama zambiri kuti tisamulankhule."

Akuti kunabwera bwana wa kampani ina, yekhayekha, ndi kachikwama kamodzi. Malamulo ake anali akuti asagogodedwe, pasapezeke wosesa pafupi ndi zenera dzuwa lisanakwere, ndipo chakudya chizisiyidwa pakhomo. Madoda anayamba kufunsa. Akudwala? Ayi. Anaferedwa? Ayi. Apolisi akumufuna? Ayi, akupuma. Mkulu wina anakoka fodya wake, kenako anagamula mlandu: "Ameneyo muzimuyang'anira usiku."

Mkuluyo sanalakwe kwenikweni. Kumudzi munthu wodzitsekera m'nyumba dzuwa likuswa mtengo amakhala kuti wadwala, kapena wapha nkhuku ndipo sakufuna kugawira ana a eni. Koma kunjaku zinthu zinatembenuka. Kukhala wekha ndi katundu wogula, ndipo mtengo wake umakwera malinga ndi kuchuluka kwa anthu amene wawathawa.

Tiyeni timutsatire bwanayu paulendo wake, muone mmene ndalama zimachotsera anthu mmodzimmodzi. Pabwalo la ndege sakhala pamabenchi pamene pali ana olira ndi amayi omanga ufa ndi usipa m'zikwama. Ali ndi chipinda chake chodikirira, cha mipando yofewa, momwe aliyense amayankhula monong'ona ngakhale palibe wagona. M'ndege akhala kutsogolo, ndipo ndege ikangonyamuka mtsikana wa yunifolomu amakoka nsalu yotchinga kuti maso a anthu wamba asafike kumene kukudyedwa nyama ndi mpeni. Nsaluyo inapezeka kuti sikukwanira. M'chaka cha 2017 kampani ya Qatar Airways inayamba kugulitsa mipando yotchedwa Qsuite, yokhala ndi chitseko chakechake. Chitseko m'ndege! Munthu ali m'mitambo, kulibe mbava, kulibe apongozi, kulibe wobwereka mchere, koma watseka.

Makutu nawo ali ndi chitseko chawo. Mu 1978 katswiri wina wa ku America, Amar Bose, ali m'ndege kuchokera ku Ulaya, anakhumudwa kuti nyimbo za m'mahedifoni sizimamveka chifukwa cha kulira kwa injini. Patapita zaka, kampani yake inatulutsa mahedifoni amene mabwana amavala lerowa. Ali ndi kamaikolofoni kamene kamamvetsera phokoso la kunja, kenako n'kupanga phokoso lina lotsutsana nalo, awiriwo n'kuphana, khutu n'kutsala pamtendere. Phokoso kulithetsa ndi phokoso linzake: a pabanja akudziwa kuti kunyumba njira imeneyi sigwira.

Bwana uja akatera pa Chileka, galimoto ya magalasi akuda ikumudikirira. Dalaivala anaphunzitsidwa kuti moni ndi umodzi, wayilesi ayi. Adutsa Limbe, adutsa pa Bvumbwe pamene amayi amathamangira galimoto iliyonse ndi tomato, kabichi ndi zinanazi, koma galasi silitsika. Yerekezani ndi ife, anayianayi pampando wa anthu atatu, kondakitala atatiweramira pamutu, mlaliki kumbuyo, nkhuku pansi pa miyendo, ndipo pofika ku Thyolo boma ukudziwa kale kuti woyandikana nayeyo mwamuna wake anapita ku Joni ndipo anasiya kuimba foni. Mwa awiriwa, malinga ndi agogo, munthu ndi wa m'minibasiyu.

Malo opumulirako mabwana alipo ku Thyolo konkuno. Pa esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay wa ku Scotland anayambitsa mu 1923, pali nyumba ya Huntingdon imene anamanga mu 1928 kuti azikhalamo ndi banja lake. Lero ndi malo ogona alendo, a zipinda zisanu zokha, ndipo kuchepa kwa zipindako ndiye malonda ake. Ife tikamamanga resitihausi timafuna zipinda makumi awiri, bala kutsogolo ndi sipika yaikulu pakhonde kuti anthu adziwe kuti tatsegula. Anzathuwa anazindikira kalekale kuti munthu wolemera amalipirira zimene palibe.

Ndiye bwana uja wafika pamene amafuna: ali pakhonde, kapu ya tiyi m'manja, palibe womuyankhula. Kali kokha. Funso ndi lakuti, kodi wasanduka kanyama?

Ine ndikuti eya, koma kanyama ka mtundu wapadera. Tsikirani ku Chikwawa mukaone ku Majete. Bungwe la African Parks litatenga nkhalangoyo mu 2003, linabweretsa zipembere, linamanga mpanda, linalemba asilikali a nyama. Chipembere ndi nyama yokonda kuyenda yokha, ndipo ukachiona chili phee pansi pa mtengo umati chilibe mnzake. Chonsecho kuseri kwa tchire kuli anthu a mfuti amene adzuka m'bandakucha kutsatira mapazi ake, kulemba kumene chagona ndi kumene chamwa madzi. Bwana wathu ndi chimodzimodzi. Werengani anthu amene akugwira ntchito kuti iye akhale yekha: mlonda wa pageti, wodula kapinga amene wauzidwa kuti makina ayambe mochedwa, khukhi, wochapa, wosita, woperekera zakudya woyenda monyang'ama, dalaivala amene wakagona ku resitihausi ya paboma, ndi sekilitale ku Blantyre amene tsiku lonse akunamiza anthu kuti abwana ali mumsonkhano. Mudzi wathunthu uli pomwepo, kungoti waulipira kuti utseke pakamwa.

Apa nthabwala imayamba kundiwawa pang'ono. Bata limafuna malo, ndipo malo ku Thyolo ndi nkhani yoti ukaiyamba pabwalo anthu amaimirira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'boma lino. Kwa Nsabwe anthu amalima m'mapiri otsetsereka moti khasu ukalisiya limakusiya, ndipo munda wa agogo wagawidwa mpaka mdzukulu amalandira mizere yowerengeka ndi zala. Nyumba zathinana kotero kuti woyandikana naye akayetsemula iwe umayankha. Kubiriwira kosalala kumene mlendo akukuona ali pakhonde kunayalidwa pa nthawi ya thangata, pamene makolo athu, ambiri a iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo. Pamene Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation ankavutitsa boma m'zaka za 2016 ndi 2017, mpaka kulengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha, ambiri tinaseka. Koma amene ankamutsatira sankaseka. Ndipo munda wa tiyi si wachete monga umaonekera patali. Lowanimo nthawi ya dzinja mumve: othyola masamba ndi madengu kumsana, kapitawo akukalipa, thirakitala, mkangano wa pasikelo. Chimene chimauchititsa kukhala chete ndi mtunda wa pakati pa khonde ndi mundawo.

Komabe bwanayo sindimuda. Ngati ndi Mmalawi mnzathu, ndikudziwa chimene akuthawa. Foni yake ndi nkhokwe ya fuko lonse. M'mawa fizi ya mwana wa achimwene, masana feteleza wa azakhali, madzulo bokosi la maliro a munthu amene sanamuonepo, usiku wina wangoflasha katatu kuti aimbiridwe n'kunena kuti "tandiponyereniko kangachepe pa Mpamba." Kuofesi nako aliyense wolowa ali ndi pepala lofuna siginecha. Makolo popeka mwambi uja ankanena za anthu awiri, mwina atatu, oyenda limodzi m'njira ya zilombo. Sankadziwa kuti kudzabwera magulu a WhatsApp, la banja, la mpingo, la amene munaphunzira nawo sitandade 8, onse m'thumba limodzi la buluku. Munthu wotere akapempha masiku ochepa opanda mawu a munthu, si ufiti. Ngakhale mwana wa mlongo wanga uja akuti chinthu choyamba chimene mlendo wofuna bata amafunsa, asanakhale n'komwe pansi, ndi nambala yachinsinsi ya intaneti.

Zimenezi zandipatsa maganizo a bizinesi. Kwa Nsabwe kuli zigwa zimene netiweki sifika. Munthu amakwera pachulu kuti alandire uthenga. Kwa ife ndi vuto, koma kwa mabwana ndi mankhwala, ndipo ndamva kuti kunja amalipira kuti awalande foni. Tingomanga kanyumba kamodzi kuchigwa, tiike mpando wandalema, timuphikire nthochi ndi nandolo, basi ndalama izilowa.

Vuto ndi moni. Mlendo sangafike m'mudzi mwathu n'kusiyidwa. Ayamba ndi amfumu, atsatira anyakwawa, kenako azimayi mmodzimmodzi, aliyense kugwada, kuomba m'manja ndi kufunsa za kumene achokera, za ana, za mayi a kunyumba ndi za mvula ya ku Blantyre. Woyamba akamaliza, wachiwiri ayambira pachiyambi, ngakhale anali pomwepo ndipo wamva mayankho onse. Ana adzaima mzere kumuyang'ana mmene akutafunira. Akadzitsekera, amayi a mvano adzabwera ndi phala ndi nyimbo poganiza kuti wadwala. Kuti bizinesi iyende tiyenera kulipira munthu aliyense m'mudzi kuti asapereke moni, ndipo achinyamata angavomere, koma agogo aakazi sangalandire ndalama yotero. Ndinakawafunsa amfumu ngati angaike lamulo loletsa kulonjera mlendo kwa masiku atatu. Anandiyankha kuti lamulo liripo kale, ndi lakuti wodutsa mlendo osamupatsa moni amalipa nkhuku. Ndawerengera mabanja a m'mudzi mwathu ndi mtengo wa nkhuku pa Thekerani, ndipo kuti ndilipirire onse chindapusa, chipinda changa chiyenera kudula kuposa mpando wa chitseko wa m'ndege uja.