Sikuluu yotsala ya kwa Khombedza

Kwa Khombedza, pamsewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota, mlembi wa nkhani ino amadziwika kuti ndi munthu waluso. Mbiriyi adaipeza atamata chubu cha njinga ya kabaza, ndipo chiyambire tsikulo sakana ntchito iliyonse yokhudza chitsulo. Ndiye malume ake atadandaula kuti mfuti ya agogo yachita dzimbiri, iye adawadula mawu: "Malume, isiyeni konkuno. Mawa muipeza ikuwala ngati galasi."

Mfutiyo ndi yamipope iwiri. Malume amaitcha Greener, ngakhale dzina la wopanga lidafufutika kalekale ndipo chomwe chimawerengeka ndi Birmingham basi. Kunsi kwa mipope kuli tizidindo tosonyeza kuti idayesedwa kunyumba yoyesera mfuti yomwe idakhazikitsidwa mumzindawo mu 1813. Masiku ano ntchito yake ndi kuopseza anyani m'chimanga ndi mvuu zikalowa mumpunga. Chiphaso chake malume amachisunga m'Baibulo, poti lamulo la mfuti la 1967 silimva zoti "ndi ya agogo". Zipolopolo adazisiya kwawo, ndipo pamenepo adachita nzeru.

Kumasula kudayenda bwino, ngati tiiwale za mpeni. Kamzere ka pamutu pa sikuluu yamfuti zakale n'kopyapyala zedi, ndipo amisiri amachita kusula sikuludiraiva yoti ikhale thithithi m'kamzereko. Mkulu wathuyu adatenga mpeni wodulira tomato. Udaterereka kawiri, n'kulemba pachitsulo chizindikiro chomwe a ku Birmingham sadachiganizepo. Komabe pofika masana masikuluu onse 14 adali atagona limodzi m'mbale yandiwo yomwe adaipeza pathandala, ndipo iye adapita kukadya nsima ya usipa mtima uli m'malo.

Pobwerako, onse adali atafanana nkhope ngati ana a mimba imodzi.

Apa mpomwe pali nkhani. Mfuti zoterezi sizinkatuluka m'makina zitatha ngati wailesi. Mmisiri ankasema sikuluu iliyonse molingana ndi bowo lake, n'kuimanga mpaka italimba, kenako n'kudula kamzere kapamutu moti timizere tonse tiloze komwe mpope waloza. Mutuwo ankaupala kuti ufanane ndi chitsulo, chala chikadutsa chisamve kanthu. Choncho masikuluu awiri, wakumanja ndi wakumanzere, angaoneke ngati mapasa, koma mukawasinthanitsa wina amatukula mutu, wina amamira, ndipo timizere timaloza kwina wina ngati anthu oyambana. Ena ali ndi mazinga akuluakulu poti amaluma thabwa. Ena mazinga ake ndi ang'onoang'ono, olowa m'chitsulo. Yaitali ikalowa pabowo la yaifupi imatulukira mkati n'kukagwira tizitsulo toyenda, ndipo ikakhudza kachitsulo kotsekera mfuti kuti isalire yokha, nkhani yoseketsa imathera pompo.

Zonsezi mlembi wathu adazidziwa mochedwa. Tsikulo njira yake idali imodzi: yakana, kanikiza. Sikuluu yachitatu idalira kuti tswii, mazinga n'kutha.

M'mawa mwake adakwera kabaza kupita kwa ogulitsa zitsulo, sikuluu yakufayo ataikulunga m'kapepala ngati mankhwala. Mnyamata wapasitolo adakhuthula chitini chonse pathebulo, koma palibe idalowa kupyola kuzungulira kumodzi. Chifukwa chake n'chakale kuposa sitoloyo. Masikuluu a masiku ano amayezedwa m'mamilimita ndipo mano a mazinga ake amapendekeka madigiri 60. Angerezi ankayeza m'mainchi, ndipo muyeso womwe Joseph Whitworth adabweretsa mu 1841 ndi wa madigiri 55. Kuwonjezera apo, opanga mfuti ambiri ankasema mazinga awoawo osalabadira muyeso wa wina aliyense. Mnyamatayo adangoti, "Bwana, bwanji mungomanga ndi waya?" Mlembi wathu, kunena zoona, adayamba waganizira kaye.

Malume adafika madzulo, n'kuyang'ana mfuti, n'kuyang'ana mbale, n'kukhala pansi osapatsidwa mpando.

"Mphwanga, katoni ulibe m'nyumba muno?"

Adafotokoza momwe agogo ankachitira. Ankajambula mfuti pakatoni, ndipo sikuluu iliyonse ikangotuluka ankaibaya pachithunzipo, pamalo pomwe yachokera. Kenaka malume adatola sikuluu imodzi, n'kuipukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuionetsa kudzuwa. Kunsonga kwake kudali timizere tiwiri tosemedwa ndi tupa. Inzake idali ndi kamzere kamodzi. Mmisiri wina yemwe adafa zaka zambiri zapitazo adasiya uthenga wonena kuti iyi n'njakuno, iyi n'njauko, koma timizereto mlembi wathu adali atatiyesa dzimbiri, ndipo pa masikuluu awiri adali atatikhula kale ndi mchenga.

Adagwira ntchitoyo mpaka nyali itayatsidwa, malume akuyesa sikuluu iliyonse ndi zala zokha, ikangolimba msanga n'kuibweza. Udindo wa mlembi wathu udali kugwira tochi. Bowo la sikuluu yophedwa lidatsala pululu, ndipo malume adalamula kuti mfutiyo isalirenso mpaka mmisiri weniweni ataiona. Anyani, omwe nkhani sizichedwa kuwapeza, adalowa m'munda Lachinayi.

Koma m'mbale mudatsala sikuluu ina yonyezimira, yamutu wamtanda, yomwe idakana bowo lililonse. Amuna awiriwo adaizunguza pafupifupi ola lathunthu, mlembi wathu akuumirira kuti ndi ya mkati mwenimweni, malo ovuta omwe malume sawadziwa.

Mayi a kunyumba adatulukira kukhitchini atanyamula poto m'dzanja limodzi, chogwirira chake m'dzanja lina.

"Bambo a ana, mbale ija ndidasungiramo sikuluu ya poto yapita kuti?"