Nyerere za m'dola ya siliva

Akuluakulu amene anati "chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere" sanaigwirepo dola ya Morgan, koma akanafika pamsika wa ndalama zakale ku America, bwenzi atalembedwa ntchito ya ulangizi tsiku lomwelo.

Dola imeneyi, yomwe anajambula George T. Morgan, inasulidwa kuyambira 1878 mpaka 1904, kenako mu 1921. Imalemera magalamu 26.73, ndipo pa magawo 100 alionse, 90 ndi siliva. Kutsogolo kuli nkhope ya mayi, kumbuyo chiwombankhanga. Munthu woyamba kumene kusonkhanitsa ndalamazi amabwera ndi nzeru imodzi yokha, yoti yowala kwambiri ndiye yabwino. Ogulitsa ena akamuonera patali amayamba kumwetulira.

Pa malonda amenewa kukwecha ndi mlandu. Mdzukulu akapeza dola yakuda m'bokosi la agogo n'kuikwecha ngati poto woti aphikire alendo, amachotsa kunyezimira kumene inabadwa nako, n'kusiyapo timizere tomwe galasi lokulitsira zinthu limaulula. Iye amaona kuti wagwira ntchito yotamandika, pomwe mtengo wautsitsa ndi manja ake. Dola yothimbirira imene palibe anaikhudza imatha kugulidwa ndalama zambiri kuposa inzake yonyezimira.

Ndalama nazo zimakhoza mayeso kapena kulephera. Muyezo wake, womwe William Sheldon anayambitsa mu 1949, umachokera pa 1 kulekeza pa 70. Ya 1 ndi yofufutika moti chaka chake munthu amachita kusinzinira kuti achione. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi zimene sizinayendepo m'matumba a anthu. Oyeza amathamangira malo amene amayamba kutha: tsitsi la pamwamba pa khutu la mayi uja ndi nthenga za pachifuwa pa chiwombankhanga. Makampani monga PCGS, yomwe inayamba mu 1986, ndi NGC ya mu 1987, amayeza ndalama n'kuitsekera m'kapulasitiki kolembedwa malikisi ake. Yokwechedwa saipatsa malikisi, amangoilemba kuti inakwechedwa, n'kumayenda ndi chitonzo chimenecho kulikonse.

Nyerere ina imakhala kumbuyo, pansi pa nkhata ya masamba, pomwe pali kachilembo kosonyeza kumene ndalamayo inasulidwira: S ndi San Francisco, O ndi New Orleans, CC ndi Carson City, ndipo ya ku Philadelphia ilibe chilembo. Mu 1893 ku San Francisco anasula madola 100,000 okha, n'chifukwa chake ngakhale yotha ntchito imagulidwa madola masauzande. Akamberembere amatenga ya ku Philadelphia ya chaka chomwecho n'kumatapo S. Kachilemboko kukula kwake n'chimodzimodzi nyerere yeniyeniyo, koma kamatafuna malipiro a mwezi wathunthu.

Palinso zachinyengo zosulidwa dzulodzuloli, zambiri zochokera ku China, zotsatsidwa pa intaneti pamtengo wochititsa munthu kuthokoza Mulungu asanaone katundu. Lamulo la ku America la mu 1973 limati ndalama yotsanzira izidindidwa mawu akuti COPY, koma wakuba sawerenga malamulo. Wogula wochenjera amakhala ndi maginito, poti siliva sakakamira ku maginito, komanso kasikelo. Dola ikamatirira kapena ikapepuka kwambiri, nkhani yatha. Kapulasitiki kaja nakonso amakapeka, motero nambala yake imayenera kufufuzidwa kwa kampani yomwe inayeza. Wogulitsa wokana kubwezeredwa katundu amakhala wadziulula yekha.

Ngakhale wochita zonsezi amatha kulira. Kwa zaka zambiri dola ya 1903 ya ku New Orleans inkadziwika kuti ndi yosowa zedi, ndipo yosayendapo m'manja inkafika pa madola pafupifupi 1,500. Ambiri ankaganiza kuti zinzake zinasungunulidwa pansi pa lamulo la mu 1918, lomwe linadya madola a siliva oposa 270 miliyoni. Chakumapeto kwa 1962 boma linatsegula chipinda chosungiramo chuma ku Philadelphia, ndipo munatuluka matumba odzaza ndi madola omwewo, atsopano, osakwechedwa, enieni ndithu. Mtengo unagwa mpaka pa madola pafupifupi 30. Amene anagula mwezi wapitawo anakhala ndi ndalama yopanda banga, kungoti aliyense wodutsa pamsewu akanatha kugula yakenso.